Milungu Yamkuwa ya ku France: Kodi Mutu Wokha Unganene Nkhani?

MAWU OYAMBA

Munthu woyenda pamsika wa Lufita, m'dziko la Mwaulambya ku Chitipa, aona makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi miphika, ndipo chilichonse cha izi achiweruza msanga osafunsa mphunzitsi. Khasu aligogoda kuti amve kulira kwake, nkhwangwa aiyesa kuthwa ndi chala, mphika aupenda ngati uli ndi mng'alu. Koma munthu yemweyo mukamuonetsa chithunzi cha mutu wamkuwa wochokera ku France, wonyezimira, wa tsitsi lopotanapotana, kawirikawiri achita chimodzi mwa ziwiri. Kapena agoma nati, "Luso lenileni ndi la Azungu," kapena aseka nati, "Fano lachabe ili, lingadyetse yani?" Mayankho onse awiriwa ndi a munthu amene sanapenye bwino.

M'nkhani ino tifuna kupenya modekha, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zimene tikambe ndi ziboliboli za mutu ndi chifuwa chokha, zopanda manja ndi miyendo, zofanizira milungu ya m'nthano za Agiriki ndi Aroma, zimene amisiri a ku Paris anaziyenga zambirimbiri makamaka m'zaka za pakati pa 1840 ndi 1900. Masiku ano zigulitsidwa monga zinthu zakale zamtengo, ndipo zithunzi zake zifika kwa ana athu m'mabuku a sukulu ndi pa mafoni. Funso lathu ndi ili: kodi m'zinthu zimenezi muli chiyani choyenera kuyamika, ndipo musowa chiyani? Yankho limene tidzayesa kulitsimikiza ndi lakuti luso la manja limene lili m'menemo ndi loona, koma mutu umene wadulidwa ku nkhani yake usanduka chokometsera m'nyumba chabe. Ndipo ngozi imeneyi ili pakhomo pathu ifenso.

ENI NKHOPEZI NDANI?

Pakati pa mitu imene inatuluka m'ng'anjo za ku Paris, iwiri yodziwika kwambiri ndi wa Diana ndi wa Apollo, ndipo kawirikawiri inkagulitsidwa pamodzi, wina kuti akhale kumanja, wina kumanzere. M'nthano za Aroma awiriwa anali mapasa, ana a Jupiter, mfumu ya milungu. Diana, amene Agiriki ankamutcha Artemis, anali namwali wosakwatiwa, mlenje, mwini nkhalango ndi nyama zake; pambuyo pake anthu anamlumikizanso ndi mwezi. Mlongo wake Apollo anali mwini nyimbo ndi maula, wochiritsa, komanso wotumiza mliri.

Tisaganize kuti milungu imeneyi inali yofatsa. Mlembi wachiroma Ovid, m'buku lake lotchedwa Metamorphoses, asimba za mlenje wina, Actaeon, amene anasokera m'nkhalango napeza Diana akusamba pakasupe. Sanachite dala, komabe Diana anamsandutsa nyama yanyanga yonga mbawala, ndipo agalu ake omwe anamkhadzula osamzindikira. Asimbanso za mfumukazi Niobe, amene anadzitama kuti anabala ana 14 pamene mayi wa Diana anabala awiri okha. Mapasa aja anatenga mauta awo napha ana onsewo ndi mivi. Owerenga Baibulo akumbukiranso chipolowe cha pa mutu 19 wa Machitidwe a Atumwi, pamene osula siliva a ku Ephesus anautsa mzinda wonse chifukwa ulaliki wa Paulo unaopseza malonda awo a tiakachisi ta Artemis. Anthu sachita chipolowe chifukwa cha chokometsera m'nyumba. Kwa eni ake dzina limeneli linali la nsembe, la chuma ndi la imfa.

ULENDO WA NKHOPE IMODZI

Tsono titsate nkhope ya Diana kuchokera kumene inayambira. Akatswiri a zakale ati cha m'ma 325 Khristu asanabadwe, mmisiri wachigiriki, amene ambiri amuyesa Leochares, anayenga Artemis wathunthu wamkuwa. Chiboliboli chimenecho chinatayika, monga zinatayikira pafupifupi zonse zamkuwa za Agiriki, pakuti mkuwa usungunuka, ndipo ofuna zida ndi ndalama aufuna nthawi zonse. Koma chisanatayike, patapita zaka ngati 400, mmisiri wina wa m'nthawi ya Aroma anachifanizira pa mwala woyera wotchedwa marble, ndipo cha mwalacho ndicho chinapulumuka. Mu 1556 Papa Paul IV anachipereka monga mphatso kwa Henri II, mfumu ya France. Chinayamba kukhala ku Fontainebleau. Mu 1602 chinapita ku Louvre, kumene mmisiri Barthélemy Prieur anakonza mowonongeka. Mfumu Louis XIV inachitengera ku nyumba yake yachifumu ya Versailles. Ndipo mu 1798 chinabwerera ku Louvre, kumene chili kufikira lero. Nchifukwa chake chitchedwa Diana wa ku Versailles.

Tiyenera kuchiona m'maganizo mwathu chili chathunthu, pakuti mlandu wathu wonse wagona pamenepo. Nchachitali mamita awiri. Namwaliyo ali pa liwiro, ndipo nsalu yake yaifupi yolekeza m'mawondo ikupepesuka ndi mphepo. Dzanja lamanja lakwera paphewa kukasolola muvi m'phodo. Lamanzere lili pamutu pa kambawala kamene kakudumpha pambali pake. Thupi likunka kutsogolo, koma mutu wacheukira kumanja, monga achitira mlenje akamva kamtengo kathyoka m'thengo.

Mbiri ya Apollo ifanana ndi imeneyi. Nayenso ndi wamwala, wofanizidwa ndi Aroma kuchokera ku wamkuwa wa Agiriki amene anatayika. Kwawo ndi ku Vatican, koma ankhondo a Napoleon anamtengera ku Paris mu 1798, ndipo anakhala komweko kufikira 1815. Iye waima, dzanja lamanzere lotambasuka, maso atsata muvi umene wangoponya kumene.

Chotero mutu wamkuwa wa ku Paris ndi mdzukulu wa chinthu chimene palibe munthu wamoyo anachiona. Mkuwa unabala mwala, mwala nubalanso mkuwa, ndipo pa kubadwa kulikonse panatayika kanthu.

MAKINA A COLLAS NDI NG'ANJO ZA BARBEDIENNE

Kale wofuna chifaniziro chaching'ono cha chiboliboli chachikulu anayenera kulemba mmisiri kuti aumbe ndi maso ndi manja ake, ndipo ntchitoyo inali yodula ndi yochedwa. Mu 1836 Mfalansa wina wodziwa zamakina, Achille Collas, anapanga makina ochepetsera ziboliboli. Kachitidwe kake nkosavuta kumva. Pali mtanda wautali womangika mbali imodzi. Chakumapeto kwake kuli kansonga kobuntha kamene kayenda pakhungu la chifaniziro chachikulu. Chapafupi ndi pomangikapo pali kansonga kakuthwa kamene kasema pulasitala wofewa. Chachikulucho ndi chaching'onocho zizungulira pamodzi pang'onopang'ono. Kansonga kakutali kakayenda dzanja lathunthu, kapafupi kayenda chala chimodzi, motero mphuno, milomo ndi makwinya onse a nsalu zituluka monga zilili, koma zochepa.

Mu 1838 Collas anagwirizana ndi Ferdinand Barbedienne, amene kale anali wogulitsa mapepala okometsera makoma, nayamba kampani. Choyamba kugulitsa chinali Venus wa ku Milo, chiboliboli chimene chinafukulidwa pa chilumba cha Milos mu 1820. Pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851 katundu wawo analandira mendulo, ndipo pamene Barbedienne anamwalira mu 1892 anasiya antchito oposa 600. Kampaniyo inatha mu 1954. Panali makampani enanso, monga Susse ndi Thiébaut, koma la Barbedienne ndilo dzina limene linamveka koposa. Pa ziboliboli zake mupeza dzina lake lozokotedwa, ndipo pa zambiri mupezanso kachidindo kozungulira kokhala ndi nkhope ya Collas, kochitira umboni kuti chinthucho chinachepetsedwa ndi makina.

Anthu a ku Chitipa safunika kuuzidwa kuti ng'anjo nchiyani. Makolo a m'mapiri a kumpoto ankayenga chitsulo kuchokera ku miyala, Anyiha anatchuka ndi kusula, ndipo mabwinja a ng'anjo zakale akalipo pa Nyika. Mkuwa nawo si mlendo kuno kwathu. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi, mu 1960 kunafukulidwa mitanda yamkuwa imene makolo anaithira m'zikombole zaka mazana angapo zapitazo, ndipo lero lomwe magalimoto olemedwa ndi mkuwa wa ku Zambia adutsa pa Nakonde, kosatalikira ndi Chitipa, kunka ku Dar es Salaam. Kusiyana kwake nkwakuti wosula khasu amenya chitsulo chofiira ndi nyundo, pamene woyenga chiboliboli asungunula mkuwa ukhale ngati madzi, nauthira.

Mkuwa umene tikunenawu ndi wosakaniza, umene Azungu autcha bronze: magawo ngati 9 mwa 10 ndi mkuwa wofiira, ndipo otsalawo ndi tini, zinki ndi mtovu pang'ono. Kusakanizako kuulimbitsa ndi kuuthandiza kuyenda bwino m'chikombole. Amisiri ambiri a ku Paris ankaumba chikombole ndi mchenga wosalala wadongo, monga wa ku Fontenay-aux-Roses. Ankatsindira mchengawo mozungulira chitsanzo, nachotsa chitsanzocho, naika chibuma china chamchenga m'kati kuti chiboliboli chituluke champhako, nathira mkuwa wotentha koposa madigiri 1,000. Utazizira, ena ankapala misoko ndi tupa, ena ankazokota tsitsi ndi titchizulo, ena ankalumikiza zidutswa, ndipo otsiriza ankapaka mankhwala ndi kuwamba pamoto kufikira khungu litabiriwira kapena litafiirira ngati khofi wokazinga wa ku Misuku.

Poona kuti malonda akoma, ena anayamba kuthira zinki wotchipa m'zikombole ndi kumpaka utoto wonga wa mkuwa. Chotere nchosalimba, ndipo mukachikanda kunsi chionetsa chitsulo chotuwa, pamene mkuwa weniweni uonetsa chikasu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyengo chinakula kotero kuti mu 1935 boma la France linaika lamulo loletsa kugulitsa zoterezi m'dzina la bronze.

ZOYENERA KUYAMIKA

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti woweruza wosadziwa kuyamika ndi wanjiru chabe. Choyamba ndi luso la manja. Makina a Collas ankapereka miyeso yolondola, koma chotuluka m'mchenga chinali chobuntha, cha misoko ndi timaenje. Moyo wonse umene uoneka pa mutu wabwino wa Apollo unabwezedwapo ndi munthu wokhala pa benchi ndi kanyundo. Penyani mfundo ya tsitsi ili pamwamba pa mphumi: chingwe chilichonse cha tsitsi chili ndi njira yake, pena chozama pena chosazama, kotero kuti kuwala kukagwapo kusweka tizidutswa, ndipo pansi pake tsaya liri see, losalala ngati madzi a m'mtsuko. Kusiyana kumeneku kwa pokakala ndi posalala ndiko kuchititsa chitsulo kuoneka ngati mnofu. Nchifukwa chake mitu iwiri yochokera ku chitsanzo chimodzi ikhoza kusiyana kutali, wina wamoyo, wina wakufa. Chomvetsa chisoni nchakuti dzina lozokotedwapo ndi la mwini kampani, ndipo amuna mazanamazana amene anagwira tupa aiwalika.

Chachiwiri ndi kufalitsa. Zimene kale zinali za apapa ndi mafumu okha zinalowa m'nyumba ya dokotala, ya loya ndi ya wamalonda. Makina a Collas anachitira ziboliboli zimene makina osindikiza anachitira mabuku. Ife amene tinalandira maphunziro kudzera m'timabuku totchipa sitinganyoze ntchito yotere.

ZIMENE ZINATSALA PODULA

Tsono tifike pa mlandu weniweni. Tengani Diana wa ku Versailles, mumdule pachifuwa, mumchepetse atalike ngati mkono wa munthu, mumuike pa kampando kamwala. Chatsala nchiyani? Miyendo ya liwiro yapita. Dzanja lofuna muvi lapita. Kambawala kapita. Chatsala ndi mutu wocheuka, koma chocheukira palibe. Pa chiboliboli chathunthu kucheukako ndiko mtima wa ntchito yonse: thupi lithamangira kwina, khutu lamva kwina, dzanja layamba kale kuyankha, ndipo wopenya agwidwa kamantha, poganiza kuti kapena waponda kamtengo kaja ndi iyeyo. Pa mutu wokha kucheukako kuoneka ngati kwa mtsikana wamanyazi pojambulitsa chithunzi. Apollo nayenso, mutamchotsa dzanja la uta, asanduka mnyamata wonyada woyang'ana khoma.

Chachiwiri ndi maso. Mitu yambiri yofanizira zakale ili ndi maso osalala, opanda kamwana ka diso, ndipo ambiri ayesa kuti Agiriki anafuna chomwecho posonyeza ulemerero wa milungu. Si choncho ayi. Mu 1972 m'nyanja pafupi ndi Riace, kumwera kwa Italy, munavuulidwa ziboliboli ziwiri zamkuwa za ankhondo achigiriki, zakale zaka zoposa 2,400. Maso ake ndi oikamo a miyala yowala, milomo ndi ya mkuwa wofiira, ndipo chimodzi chili ndi mano asiliva. Za mwala nazonso zinkapakidwa utoto, maso ndi tsitsi ndi nsalu zomwe, koma utotowo unasuluka ndi zaka. Tsono amisiri a ku Paris anafanizira mokhulupirika chilema chimene nthawi inapanga, nachiyesa kukongola. Anatengera khungu la nkhalamba poyesa kuti ndi maonekedwe a mtundu wonse.

Chachitatu ndi mantha aja. Ogula mitu imeneyi sankapembedza Diana. Ambiri anali Akhristu, ena osapembedza konse. Ankaigula kuti mlendo wolowa m'chipinda chochezera adziwe kuti mwini nyumba anapita kusukulu naphunzira za Agiriki ndi Aroma. Iye amene dzina lake linautsa chipolowe ku Ephesus anasanduka mboni ya maphunziro a mwini nyumba, naima pakati pa wotchi ndi choikapo nyali. Tsobola wakale sawawa.

Kapena wina adzati, "Nanga kukongola pakokha sikukwanira kodi?" Kukwanira pa duwa, pa nsalu ndi pa mkeka wolukidwa bwino. Koma nkhope ya munthu ilonjeza kuti m'kati muli wina amene ali ndi kanthu kakunena. Nkhope yolonjeza chomwecho, nikhala chete, itopetsa maso msanga, chinkana isalale chotani.

DIANA WA FALGUIÈRE

Si mitu yonse ya ku France imene inachepetsedwa kuchokera ku zakale. Amisiri ena anaumba milungu yomweyo mwa nzeru zawo. Mmodzi wa iwo ndi Alexandre Falguière, wobadwira ku Toulouse mu 1831, amene anamwalira mu 1900. Mu 1882 anaonetsa ku Paris Diana wathunthu wosavala, ndipo oweruza ena anadandaula kuti uyu si mulungu koma mkazi wamba wa mumzinda amene anaima pamaso pa mmisiri. Pambuyo pake mutu ndi mapewa a Diana ameneyu zinayengedwa pazokha ndi a Thiébaut, ndipo zinagulidwa kwambiri.

Tikaika mutu umenewu pambali pa uja wa ku Versailles, tiweruza kuti wa Falguière ndiwo upambana, ngakhale kholo lake ndi lochepa ulemu. Chifukwa chake nchakuti mmisiriyu anasonkhanitsa nkhani pankhope. Zikope zatsika, maso apenya pansi chammbali, milomo yatsekeka, khosi lawongoka. Ndi nkhope ya munthu wopenya chinthu chimene chagwa pamapazi ake, wosamva nacho chisoni. Mukadziwa nthano ya Actaeon, mumuona mlenje uja pansi pomwepo, ngakhale sanaumbidwe. Mutu umenewu unadulidwa, koma unapita ndi katundu wake.

Komabe odandaula aja sananame konse. Pamwamba pa tsitsi pali kamwezi kokhala kumene, ndipo kamwezi kameneko ndiko kokha kanena kuti uyu ndi Diana. Mukakathyola, mutsala ndi namwali wodzikuza wa ku Paris. Falguière anadziwa kunyada kwa munthu, pakuti anakuona ndi maso. Umulungu wa Diana anangouwerenga m'buku. Chimene anachiona ndicho chili ndi moyo.

MUYESO WOLAKWIKA

Mitu imeneyi ikanangokhala m'zipinda za eni ake, sitikanaitayira nthawi. Koma nkhope ya Apollo inasanduka muyeso woyesera luso la mitundu yonse, ndipo muyesowo unafika ndi ku Africa. Mu 1910 Mjeremani wina wofufuza za mitundu ya anthu, Leo Frobenius, anafika ku Ife m'dziko la Nigeria, naona mutu wamkuwa wa luso lodabwitsa umene eni ake ankaugwirizanitsa ndi Olokun, mwini nyanja. Sanathe kuvomera kuti anthu akuda a komweko ndiwo anaupanga. Analengeza kuti wapeza zotsalira za Atlantis, dziko la m'nthano za Agiriki, ndi kuti Olokun ndiye Poseidon. Mu 1938 anthu okumba maziko a nyumba ku Ife anapeza mitu ina yambiri, ndipo lero nchodziwika kuti ndi ntchito ya makolo a Ayoruba, ya m'zaka za pakati pa 1100 ndi 1500, yoyengedwa mwa njira youmba chitsanzo ndi phula, kuchikuta ndi dongo, kusungunula phulalo ndi kuthira mkuwa m'malo mwake.

Mitu ya ku Ife itiphunzitsa chinthu china chofunika pa mlandu wathu. Nayonso ndi mitu yokha, komabe palibe woipenya amene amva kuti pasowa kanthu. Chifukwa chake nchakuti inapangidwa kuti ikhale mitu, ndi anthu amene akhulupirira kuti m'mutu ndimo mukhala tsogolo la munthu. Chotero cholakwa sichili pa mutu wokha, koma pa mutu wodulidwa: kuutenga pamene unali ndi ntchito, ndi kuuika pamene ulibe.

PHUNZIRO LA KWATHU

Kuti chiboliboli chikhala ndi mphamvu pamene anthu adziwa nkhani yake, tinaziona ku Blantyre. Mu Okutobala 2018 Khoti Lalikulu linaimitsa ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi mumzindawo, achinyamata ena atadandaula chifukwa cha mawu onyoza anthu akuda amene Gandhi analemba ali ku South Africa. Ena anaima kumbali ya achinyamatawo, ena anakumbutsa za ntchito yake yaikulu yomenyera ufulu popanda chiwawa. Pano sitiweruza mlanduwo. Tingoti, ukanakhala mutu wa Apollo, palibe akanapita kukhoti, pakuti Apollo salankhula kanthu kwa munthu wa ku Ndirande.

Taonaninso ntchito ya mmisiri wa kwathu, Samson Kambalu, yotchedwa Antelope, imene inaima pa bwalo la Trafalgar Square ku London kuyambira 2022 kufikira 2024. Anaitenga pa chithunzi cha 1914 cha Mbusa John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley, nakuza Chilembwe koposa mnzakeyo. Nkhani yonse yagona pa chipewa chimene Chilembwe wavala pamaso pa Mzungu, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuchivula. Chipewa chimenecho ndicho phodo ndi kambawala ka chiboliboli chimenechi. Kambalu anafanizira chinthu chakale monga anachitira a ku Paris, koma anadziwa chimene sichiyenera kudulidwa.

Ngozi imene tinaitchula poyamba ndi iyi. Pitani pamene agulitsa ziboliboli ku Lilongwe, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, mudzaona manja aluso ndithu, koma mutu wa nkhalamba womwewo, njovu yomweyo, zobwerezedwa kosaleka. Makina a Collas palibe, koma msika wa alendo ugwira ntchito yomweyo. Sitidzudzula mmisiri wofuna kudyetsa ana ake. Tingoti mukamfunsa kuti nkhalambayi ndi yani, nasowa yankho, ndiye kuti wasema Diana wopanda uta. Chimodzimodzinso nkhope za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005. Pabwalo, pamodzi ndi ng'oma, nyimbo za amayi ndi fumbi, chilombo chilichonse chili ndi dzina ndi mwambo umene chiphunzitsa. Nkhope yomweyo ikapachikidwa pakhoma la hotela, isanduka chimene Diana anasanduka ku Paris. Nchifukwa chake tiyamika ntchito ya ku Kungoni, ku Mua, imene Bambo Claude Boucher anaiyamba mu 1976, pakuti kumeneko nkhope zisungidwa pamodzi ndi mayina ndi matanthauzo ake, ndipo osema alimbikitsidwa kusema nkhani zimene azidziwa.

Ku Chitipa kuli mitundu yambiri, Alambya, Andali, Asukwa, Anyiha ndi ena, ndipo uliwonse uli ndi zida zake zakale: makasu osula pamanja, mikondo, mipando, zibangili. Nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa ku Karonga mu 2004 ili pa mtunda wa makilomita ngati 100. Koma khasu lakale likalowa m'galasi popanda dzina la wosula, mudzi wake, nyimbo imene ankaimba pokoka mvukuto ndi miyambo imene ankasunga poyatsa ng'anjo, lidzakhala mutu wodulidwa. Okalamba odziwa zimenezi achepa chaka ndi chaka. Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Lufita ndi midzi yozungulira angathe kugwira ntchito imeneyi ndi kope ndi pensulo chabe.

MAWU OTSIRIZA

Tsono owerenga, mukaona chithunzi cha mutu wamkuwa wa ku France, musagome msanga ndipo musaseke msanga. Funsani mafunso atatu. Kodi manja amene anaupanga anagwira bwino ntchito? Pa mitu ya Barbedienne yankho kawirikawiri ndi inde, ndipo amisiri athu angaphunzirepo kuleza mtima ndi kutsiriza ntchito. Kodi mutuwu unachokera kuti, ndipo unasiya chiyani m'njira? Kodi ukunena chiyani kwa anthu amene akhala nawo? Mafunso omwewo muwafunse pa chiboliboli cha m'mbali mwa msewu, pa chipilala cha mumzinda ndi pa mkondo wa agogo. Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankanena za anthu pamilandu, koma mawuwo aonanso pa ziboliboli: mutu ufuna thupi, ufuna nkhani, ufunanso anthu oidziwa nkhaniyo.